RX 580 yakale ikulira ngati chigayo, ndiike mafani anji kuti ikhale chete?

Kabaza25

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi graphics card (khadi lotulutsa zithunzi pa sikirini) ya RX 580 ya 8GB, ya mafani awiri, yogula kwa munthu. Ntchito ikugwira bwinobwino, zithunzi sizikuduka, koma phokoso lake lafika posautsa. Kompyuta ikangoyaka, fani imodzi imayamba ndi kukhuluza kwa mphindi ngati ziwiri kenako n'kutsikako. Ndikayamba kukonza vidiyo kapena kusewera gemu, kutentha kumafika madigiri 84 mpaka 86, ndipo pulogalamu yoonera khadi ya GPU-Z imaonetsa kuti mafani akuzungulira cha m'ma 3000 rpm (maulendo 3000 pa mphindi). Usiku a chipinda china amachita kumva.

Ndimakhala ku Area 25, msewu wafumbi uli pafupi ndi zenera, ndipo kompyuta imakhala pansi pa tebulo, pa simenti. Kesi ndi yaikulu ndithu, ili ndi fani imodzi kumbuyo, kutsogolo kulibe. Khadili sindinalimasulepo chiligulireni, ndiye sindikudziwa kuti paste (phala lodutsitsa kutentha lopakidwa pa chip) anasintha liti.

Ndalama yogulira khadi latsopano palibe. Ndiye ndikufuna kudziwa: ndisake mafani ofanana ndi omwewa, ndiitanitse cooler yathunthu ngati zija za Arctic Accelero, kapena pali njira ina yoti ndingachite ndi zinthu zopezeka mu Lilongwe momwe muno? Chachikulu ndikufuna bata, koma osawotcha khadi.

MkonziWaKawale

Achimwene, musanagule chilichonse, yambani mwapeza chimene chikulira. Pa zomwe mwafotokozazi pali mavuto awiri osiyana, ndipo mankhwala ake ndi osiyananso.

Kukhuluza kwa poyatsako ndi beringi ya fani. Mafani ambiri a makhadi otere amakhala ndi sleeve bearing, kutanthauza kachitsulo kozungulira mkati mwa kabushi kokhala ndi mafuta. Mafuta akauma, fumbi n'kulowa, kachitsuloko kamayamba kugwedera. Kompyuta ikakhala yozizira kamalira kwambiri, ikatenthako timafuta totsalato timasungunuka n'kutseka mpata, phokoso n'kuchepa. N'chifukwa chake mukumva mphindi ziwiri zoyambirira. Kuti mudziwe kuti ndi fani iti, tsegulani chitseko cha kesi kompyuta ili chiyakire koma isakugwira ntchito yolemera, ndiye dinizani chala pang'ono pakati penipeni pa fani imodzi, osati pa mapiko, kwa masekondi awiri. Phokoso likasiya, ndi yomweyo. Mukaimitsa onse awiri koma n'kumamvabe kulira kosongoka ngati kwa udzudzu, makamaka gemu ikatseguka, kumeneko ndi coil whine, kochokera mu ma inductor a pa bolodi. Fani yatsopano singathetse zimenezo. Chimachepetsako ndi kuika malire a mafelemu, mwachitsanzo 60 pa sekondi.

Vuto lachiwiri ndi la madigiri 86 pa 3000 rpm. Pamenepo mafani akuyesetsa, koma kutentha sikukutuluka. Nthawi zambiri zifukwa zake ndi ziwiri: fumbi lapanga kabulangete pakati pa mafani ndi timalata ta heatsink (chitsulo chokoka kutentha pa chip), komanso paste inauma n'kung'aluka. RX 580 inatuluka mu 2017 ndipo imadya mphamvu pafupifupi 185 W. Ngati paste ndi yomwe ija ya ku fakitale, yatha ntchito kalekale. Ambiri mwa makhadi amenewa anagwiritsidwaponso ntchito yokumba ndalama za crypto usana ndi usiku, ndiye mafani ake anayenda mtunda wautali.

Choyamba chitani izi. Zimitsani, zulani waya kukhoma, dinani batani loyatsira kangapo kuti magetsi otsala athe. Gwirani chitsulo cha kesi musanagwire khadi, makamaka miyezi youma ino pomwe thupi limasunga magetsi mosavuta. Tulutsani khadi, jambulani ndi foni mbali zonse, ndipo pepala limodzi mulijambule ngati mapu a khadi kuti sikuluwu iliyonse muziika pamalo ake. Masikuluwu sakhala ofanana kutalika, ndipo yaitali ikalowa pa bowo la yaifupi imatha kuboola bolodi.

Kumbuyo kuli masikuluwu anayi okhala ndi masipuling'i, ozungulira chip. Muwamasule pang'onopang'ono mopingasa, theka la kuzungulira iliyonse, osati kumaliza imodzi kaye. Ngati heatsink yakakamira, musaikanule ndi sikuludiraiva. Ipotozeni pang'ono kumanja ndi kumanzere mpaka paste ileke. Zimaphweka mukamasula khadi likadali lofunda, mutangolizimitsa. Pulagi ya mafani muizule pogwira pulasitiki yake, osati kukoka mawaya, chifukwa kasoketi kake kamazuka msanga pa bolodi.

Heatsink ikakhala payokha, yopanda mafani, mutha kuitsuka ndi madzi ndi sopo wa mbale ndi mswachi wakale. Muitsukuluze bwino, muikutumule, muiyanike padzuwa tsiku lathunthu. Muli pomwepo, yesani timapaipi ta mkuwa tonyamula kutentha mu heatsink: viikani mbali imodzi m'madzi otentha, mbali inayo iyenera kutentha m'masekondi ochepa. Kapaipi kakakhalabe kozizira ndiye kuti kanaphwa, ndipo heatsink imeneyo sidzazizirsanso bwino ngakhale muike fani yotani.

Chip muipukute ndi isopropyl alcohol, ya 90% kupita m'mwamba, ndi kansalu kosatulutsa ulusi. Sipiriti ya mtundu ija ya m'magolosale imasiya zotsalira, ndiye ngati ndi yokhayo yomwe ilipo, gwiritsani yochepa kwambiri ndipo mupukutenso kawiri ndi nsalu youma. Samalani ndi tima capacitor tating'onoting'ono tozungulira chip, chikhadabo chokha chimatha kuthyola kamodzi. Paste ikhale yosadutsitsa magetsi, monga Arctic MX-4. Pa CPU anthu amadontheza kadontho pakati chifukwa pali chivundikiro chachitsulo chomwe chimamwaza kutentha. Pa GPU, yomwe ndi chip ya khadili, palibe chivundikiro, ndi silicon yeniyeniyo, ndiye ngodya iliyonse yosafikidwa ndi paste imapsa payokha. Pakani kochepa koma mofika ponseponse, ndi kakhadi kakale ka pulasitiki. Ikachulukako pang'ono n'kutayikira m'mbali palibe vuto, vuto ndi kuchepa. Pomanga, masikuluwu anayi aja mopingasanso, mpaka afike pothera, osakakamiza.

Za fani yokhuluzayo: mukamatula sitika ya kumbuyo kwake, ena amakhala ndi kachitseko kamphira. Dontho limodzi la mafuta a makina osokera limaiziziritsa mtima kwa miyezi ingapo. WD-40 ayi, imatsuka timafuta totsalato kenako n'kuuma. Koma kumeneku n'kungogula nthawi. Kuti musake yofanana, lembani nambala ya pa sitikayo, imakhala ngati T129215SU kapena PLD09210S12HH, yezani kukula kwa fani kuchokera kunsonga ya phiko mpaka kunsonga ina, mtunda wa pakati pa mabowo atatu a masikuluwu, ndi chiwerengero cha mapini a pulagi. Zonse zinayi zigwirizane. Nambala yofanana imatha kubwera ndi pulagi yosiyana kapena waya wamfupi.

Chimphepo47

Zotsuka ndi paste a MkonziWaKawale afotokoza bwino, palibe chodumpha pamenepo. Koma pa nkhani ya mafani ofanana sindikugwirizana nawo kwenikweni. Mwini funso akufuna bata, ndipo mafani a pa khadi, ngakhale atsopano, ndi opyapyala, mamilimita 10 mpaka 15 basi, ndiye kuti akankhe mpweya wokwanira amayenera kuthamanga kwambiri. Enanso ogulitsidwa motchipa pa intaneti beringi yake imayamba kulira chaka chisanathe.

Njira yabwino ndi kuchotsa chikuto chonse cha pulasitiki pamodzi ndi mafani ake, kusiya heatsink yomweyo, n'kumangirirapo mafani awiri a kesi, a mamilimita 120 kapena 92, okhuthala mamilimita 25. Chifukwa chake n'chakuti phokoso la fani limakwera mofulumira kwambiri poyerekeza ndi liwiro. Mukachepetsa liwiro ndi theka, phokoso limatsika ndi madesibelo pafupifupi 15, pomwe kuwonjezera fani yachiwiri yofanana kumangokweza ndi 3. Ndiye mafani akuluakulu awiri pa 1000 kapena 1200 rpm amamveka chapansipansi kwambiri kusiyana ndi ang'ono awiri pa 3000, mpweya uli wokwanira.

Yambani ndi rula. Yezani kutalika kwa heatsink, osati kwa khadi lonse. Mafani awiri a 120 amatenga mamilimita 240. Ngati heatsink yanu ndi ya cha m'ma 190 kapena 200, tengani awiri a 92, chifukwa a 120 mpweya wambiri ungodutsa m'mbali osalowa mu timalata. Yezaninso m'lifupi: fani ya 120 imatulukira kupyola khadi cha kuchitseko cha kesi, ndipo iyenera kusiya malo a pulagi ya magetsi ya mapini 8. Pansi pa khadi pakhale malo. Likamangidwa chonchi limadya malo a ma slot atatu kapena kuposerapo, ndipo pakati pa mafani ndi pansi pa kesi kapena PSU (bokosi lopereka magetsi) pakhale mpata wa zala ziwiri, apo ayi fani imabanika n'kuyamba kulira ngati ikupuma movutikira.

Sankhani mafani okankha mpweya mwamphamvu podutsa m'mipata yothina, omwe amalembedwa kuti static pressure. Arctic P12 PWM ndi yodziwika pa ntchitoyi, imafika 1800 rpm. Noctua NF-A12x25 ndi yachete kuposa, koma mtengo wa awiri ukhoza kuyandikira mtengo wa khadi lomwelo, ndiye kwa RX 580 si nzeru. Ngati mukusaka m'mashopu a makompyuta ku Old Town kapena kwa okonza makompyuta, funsani fani ya kesi ya mawaya anayi. Ya mawaya atatu imathekanso koma liwiro lake limasinthidwa ndi volteji, ndiye imafuna motherboard yokhala ndi DC mode. Mafani a magetsi a mitundumitundu okhala ndi pulagi ya molex muwasiye, amathamanga liwiro limodzi lokha ndipo mphepo yake ndi yofooka. Ochokera m'makompyuta akale a m'maofesi a Dell ndi HP ena ndi olimba kwambiri, koma mapulagi ake amakhala a mtundu wawokha ndipo mawaya sanasanjidwe ngati a masiku onse, ndiye musalumikize musanatsimikize waya uliwonse ndi multimeter.

Pomangirira: mbali ya fani yokhala ndi sitika ndi timiyendo togwira mota ndi komwe mpweya umatulukira. Mbali imeneyo iyang'ane ku heatsink. Anthu ambiri amalakwitsa pomwepa, khadi n'kumatentha kuposa kale. Lumikizani mafani awiriwo kaye ndi ma cable tie m'mabowo a m'ngodya kuti akhale ngati chinthu chimodzi. Kenako dutsitsani ma cable tie ena m'mabowo akunja n'kukoleka pa timapaipi ta mkuwa pomwe tapindikira, kapena pa timabowo ta masikuluwu pomwe panali chikuto chakale. Musazunguze cable tie kudutsa pamwamba pa bolodi, imakanikiza tizipangizo ndi kupinda bolodi. Pa ngodya iliyonse ikanipo kachidutswa ka chubu cha njinga pakati pa fani ndi timalata. Kamphira kameneka kamaletsa kunjenjemera kuti kusalowe mu heatsink, ndipo kamasiya mpata wa milimita imodzi kapena awiri kuti phiko lisakhudze malata. Zungulizani fani ndi chala musanayatse, mumve ngati pali pomwe ikukhula. Onaninso ngati pansi pa chikuto chakale panali kaheatsink kakang'ono ka VRM (tizipangizo tokonza volteji yopita ku chip), kumapeto kwa khadi kapena pafupi ndi madoko a HDMI. Mpweya wa mafani atsopano uyenera kukafika pamenepo.

Tsono magetsi ake. Pali njira ziwiri. Yoyamba ndi kulumikiza pa khadi pomwepo. Soketi ya fani ya pa makhadi ambiri ndi yaing'ono, ya mapini anayi otalikirana mamilimita 2, ndiye pamafunika kawaya kosinthira kupita ku pulagi yaikulu ya PWM (ya mawaya anayi, yolamulira liwiro la fani), kamagulitsidwa ndi dzina loti VGA fan adapter, kuphatikiza ka Y kogawira mafani awiri. Kasanjidwe kake kamakhala ground, 12 V, waya wowerenga liwiro, ndi PWM. Ngati muli ndi luso la soda, mutha kudula pulagi ya fani yakale n'kulumikiza nokha, koma yezani kaye ndi multimeter kuti mudziwe pini ya 12 V, musakhulupirire mtundu wa waya. Pa waya wowerenga liwiro pakhale fani imodzi yokha. Mukalumikiza onse awiri, khadi limawerenga manambala osokonekera. Ubwino wa njirayi ndi woti khadi limadzilamulira lokha mafani ngakhale Windows isanatseguke. Kuipa kwake, makhadi ena amayembekezera kuona liwiro la mafani akale, ndiye akaona kuti fani sikupyola 1800 amangoikankhira pa 100%, kapena amaizimitsa n'kuiyatsa mobwerezabwereza pa kutentha kochepa. Zikatero mumakonza poika fan curve yanu, ndiko kuti liwiro la mafani pa kutentha kulikonse, mu pulogalamu ya AMD Adrenalin kapena MSI Afterburner.

Yachiwiri ndi kulumikiza pa motherboard, pa SYS_FAN kapena CHA_FAN. Soketi zimenezi zambiri zimapirira 1 A, pomwe P12 imodzi imadya cha m'ma 0.1 A, ndiye awiri palibe nkhawa. Vuto ndi lakuti motherboard siidziwa kutentha kwa GPU, imatsatira kwa CPU. Ikani pulogalamu yaulere ya Fan Control, muiuze kuti soketi imeneyo izitsatira kutentha kwa GPU: 35% pa madigiri 45, 60% pa madigiri 65, 100% pa madigiri 80 ndi poyambira pabwino. Ndipo mu BIOS (zosankha za motherboard zomwe mumatsegula poyatsa kompyuta) ikani liwiro lotsikitsitsa la soketiyo pa 50%, kuti tsiku lomwe pulogalamuyo yalephera kutseguka khadi lisakhale lopanda mphepo.

Chomaliza, kulemera. Mafani awiri amawonjezera katundu, khadi limayamba kuwerama kumapeto. Ikani kothandizira pansi pa ngodya yakunja, ngakhale kathabwa kodula molingana, bola kasakhudze mapiko.

Kabaza25

Zikomo kwambiri akuluakulu. Ndayesa za chala zija, ndi fani ya kumbali ya madoko yomwe ikukhuluza, ndipo zonse zikaima kulira kwa udzudzu kulibe. Ndachotsa chikuto chokha, fumbi linalimo ngati thonje. Heatsink ndayeza ndi mamilimita 215 m'litali, 105 m'lifupi. Pansi pa khadi malo alipo ambiri. Ndikasuzumira m'mbali ndikuona timphira tofewa pamwamba pa ma chip a memory, tina tikutuluka mafuta. Timeneti ndisinthenso? Nanga pa 215, nditenge a 120 kapena a 92? Ndipo za Accelero zija palibe wanenapo.

MayiVolti

Achimwene, timphira timeneto ndi ma thermal pad, ndipo ndi pomwe anthu ambiri amawonongera ntchito yabwino. Kutuluka mafuta si vuto, ndi silicone chabe ndipo sadutsitsa magetsi. Ingopukutani pa bolodi chifukwa amakoka fumbi. Ngati pomasula heatsink atuluka athunthu, akadali ofewa, musawasinthe. Aphimbeni ndi pepala loyera kuti fumbi lisagwerepo, muwabwezeretse momwe analili. Musinthe pokhapokha ngati ang'ambika kapena auma moti akufumbutuka.

Chofunika posintha ndi kukhuthala. Amagulitsidwa a 0.5, 1.0, 1.5 ndi 2.0 mm. Mukaika okhuthala kuposa oyenera, heatsink imakhala pa ma chip a memory n'kulephera kutsikira bwino pa GPU. Zotsatira zake, mwaika paste yatsopano koma madigiri akuthamangira ku 90 m'masekondi ochepa, sikirini n'kuda. Mukaika opyapyala, memory ndi VRM sizikhudza chitsulo, ndipo izi n'zoopsa kwambiri chifukwa nambala ya GPU imaoneka yabwino pomwe zina zikupsa mwakachetechete. Yezani pad yakale m'mphepete momwe sinakanikizidwe. Ngati mulibe vernier yoyezera kukhuthala, khadi la ATM ndi lokhuthala 0.76 mm, awiri ophatikiza ndi pafupifupi 1.5 mm, ndiye mutha kuyerekeza poika pambali. A pa memory ndi a pa VRM nthawi zambiri sakhala ofanana, yezani paliponse payokha. Chotsani kapulasitiki koteteza mbali zonse ziwiri. Mukamanga, masulaninso kamodzi muone: paste ikhale itaphwanyika mopyapyala chip yonse, ndipo pad iliyonse ikhale ndi chidindo cha chip yake. Zikakhala choncho pukutani, pakaninso paste, mangani komaliza. Paste imatherapo yambiri, koma mumadziwa zomwe zili mkati.

Liquid metal, chitsulo chamadzi chomwe ena amapaka m'malo mwa paste, musayese. Imadutsitsa magetsi ndipo imadya aluminiyamu.

Za ma cooler athunthu ngati Accelero ndi Raijintek Morpheus: zimaziziritsa bwino, palibe wokana. Koma ndi zinthu za nthawi ya makhadi omwewa, kupeza yatsopano n'kovuta, ndipo mukaphatikiza mtengo wake, wotumizira ndi msonkho, ndalama yake imapikisana ndi ya khadi lina logwiritsidwapo kale ntchito. Pamafunikanso kuti mabowo anayi ozungulira chip agwirizane. RX 580 mabowo ake amatalikirana pafupifupi mamilimita 53, pomwe makhadi a Nvidia ngati GTX 1070 ndi pafupifupi 58, ndiye yogula kwa munthu ikasowa kachitsulo ka 53 ndiye kuti mwagula chosagwira. Komanso mukachotsa heatsink ya ku fakitale, memory ndi VRM zimatsala pamtunda, nthawi zambiri mumayenera kumata timaheatsink tating'ono chip iliyonse. Kamodzi kakamatuka n'kugwera pa motherboard kompyuta ili chiyakire, ndi ngozi. Heatsink yanu ya 215 ngati timapaipi take tili moyo, ndi yokwanira.

Pa kukula kwa mafani, ine ndinganene a 92. Awiri ndi mamilimita 184, onse akukhala pamwamba pa timalata, m'lifupi akukwananso mu 105.

Koma chinthu chomwe chimachepetsa phokoso kwambiri popanda kugula kanthu ndi kutsitsa volteji. Mphamvu yomwe chip imadya imayenda ndi volteji kuchulukitsa ndi volteji yomweyo. Ma RX 580 ambiri pa liwiro lapamwamba amakhala cha m'ma 1150 mV. Mukatsitsa kufika 1050 mV, liwiro osasintha, masamu ake akupereka kuchepa kwa pafupifupi 17%. Kumeneko ndi kutentha komwe mafani sakufunikanso kuchotsa. Mu Adrenalin pitani ku Performance, kenako Tuning, sankhani kusintha pamanja, tsegulani GPU Tuning ndi Voltage. Tsitsani ma state awiri omaliza (magawo a liwiro lapamwamba) ndi 25 mV, yesani ndi pulogalamu yoyesera khadi ya Unigine Heaven kwa mphindi 20, kenako tsitsaninso. Mukaona timadontho pa sikirini, gemu kutsekeka yokha kapena dalaivala kuyambiranso, bwererani m'mbuyo ndi 25 mV n'kukhala pamenepo. Chip iliyonse ili ndi malire ake, ina imakana pa 1100. Ngati yanu ndi yotero, tsitsani liwiro kufika 1250 kapena 1300 MHz, kusiyana kwa mafelemu simukuona ndi maso koma volteji imalola kutsika kwambiri. Khadi silingawonongeke ndi volteji yochepa, limangozima n'kubwerera pa zakale.

Pomwepa pali msampha wa kwathu kuno. Kompyuta ikazima mwadzidzidzi, monga magetsi akathima, dalaivala ya AMD imaganiza kuti zosintha zanu ndi zomwe zagwetsa makina, ndiye imabwezeretsa zonse pa za ku fakitale, fan curve ndi volteji yomwe. Sungani zosinthazo mu fayilo ya profile, ndipo magetsi akabwera muziona kaye ngati zikadalipo. Mukamva mafani ayambanso kukuwa popanda chifukwa, yambani mwayang'ana kumeneko.

Chimphepo47

Amayi anena zoona pa volteji, chitani zimenezo ngakhale musanagule mafani. Pa 92 ndi 120 ndisiyana nawo pang'ono. Pa heatsink ya 215, a 92 asiya mamilimita 31 opanda mphepo, pomwe a 120 apyola ndi 25 basi, ndipo mpweya wotayikira m'mbaliwo umakaziziritsa VRM ndi pulagi ya magetsi. A 120 abwino ndi osavutanso kupeza kusiyana ndi a 92 a mawaya anayi. Ngati chitseko cha kesi chikutsekeka osakhudza, tengani a 120. Dulani katoni ya 240 ndi 120, muiyese pa khadi lili mu kesi, mudziwiratu musanapereke ndalama.

MkonziWaKawale

Ndavomera, kumangirira mafani a kesi kumapereka bata kuposa mafani ofanana. Ndingowonjezera za kesi, chifukwa achimwene anena kuti kutsogolo kulibe fani ndipo kompyuta ili pa simenti. Khadi la mtundu uwu silitulutsa mpweya wotentha kunja, limangoumwaza mkati. Ndi fani imodzi yakumbuyo, mafani atsopanowo azingobwereza mpweya womwewo. Yesani chonchi: tsegulani chitseko cha kesi, thamangitsani Heaven mphindi 15. Madigiri akatsika ndi oposa 5, vuto lina lili pa kesi. Ikani fani imodzi kapena awiri a 120 kutsogolo, olowetsa mpweya, oyang'anizana ndi khadi. Olowetsa achuluke kuposa otulutsa, kuti mpweya uzituluka m'ming'alu m'malo moti fumbi lizilowera m'menemo. Patsogolo pa mafaniwo ikani sefa. Kachidutswa ka gozi wa pa zenera kamagwira fumbi lalikulu ndi tizilombo osatseka mphepo kwambiri. Nsalu yothina imagwira zambiri koma imabanikitsa fani.

Ichotseni pansi kompyutayo. Fumbi la posesa limayendera m'munsi, ndiye ngakhale kasitulu ka masentimita 30 kamasintha zinthu. Ngati utsi wa mbaula kapena wa mafuta ophikira umafika m'chipindamo, fumbi limamata ngati phula pa mapiko, bulowa yokha silichotsa, pamafunika burashi ndi alcohol. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, sefa muzitsuka sabata ziwiri zilizonse ndipo heatsink muziipemerera kamodzi pa mwezi. Popemerera gwirani mapiko kuti fani isazungulire, chifukwa ikathamangitsidwa ndi mphepo ya bulowa beringi imawonongeka ndipo mota imabweza magetsi ku bolodi. Kompresa ya kokonzera matayala ayi, mpweya wake umatuluka ndi madzi ndi mafuta.

Poyerekeza zotsatira, lembani kutentha kwa chipinda nthawi iliyonse. Khadi lomwe likuonetsa 66 m'mawa wa mu Juni lidzaonetsa cha m'ma 78 masana a mu Okutobala, chifukwa chipinda chokha chakwera ndi madigiri 12 kapena kuposa. Ndiye fan curve yanu muikonzere nyengo yotentha. Lilongwe ilinso pamtunda wa mamita oposa 1,000, mpweya wake ndi wopepukirako ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi poyerekeza ndi wa m'mphepete mwa nyanja yamchere, ndiye musadabwe manambala anu akakhala pamwamba pang'ono kuposa omwe mumaona m'mavidiyo a kunja. Pa RX 580 yotsukidwa, ya paste yatsopano ndi volteji yotsitsidwa, chilichonse chosapyola 75 pa ntchito yolemera mu Okutobala ndi chabwino.

Mukamanga koyamba, yatsani chitseko chili chotsegula, maso ali pa mafani ndi pa GPU-Z. Popanda ntchito khadi likhale cha m'ma 35 mpaka 45. Mukatsegula Heaven, nambala iyenera kukwera pang'onopang'ono kwa mphindi zingapo kenako n'kuima. Ikalumpha kufika 85 m'masekondi khumi, zimitsani pomwepo, ndiye kuti heatsink sinakhale bwino pa chip. Masulani muone chidindo cha paste: mbali yomwe yakhuthala ndi yomwe yanyamuka, ndipo pad yokhuthala kapena sikuluwu yosamangika ili mbali imeneyo.

Kabaza25

Katoni ndadula, ya 240 ikukwana ndipo chitseko chikutsekeka, patsala mpata ngati wa chala chimodzi. Volteji ndatsitsa kufika 1075 mV, Heaven yatha mphindi 20 osagwa, madigiri aima pa 77 ndi mafani akale omwewa nditangochotsa fumbi. Mawa ndikasaka mafani atatu a mawaya anayi, awiri a pa khadi ndi imodzi ya kutsogolo, komanso paste. Soketi ya pa khadi ndawerenga ili ndi mapini anayi. A Chimphepo47, kawaya kosinthira kaja kakasowa, ndiyambe ndi SYS_FAN ndi Fan Control kaye, eti?

Chimphepo47

Eya, yambani ndi SYS_FAN. Khadi lizionetsa 0 rpm chifukwa soketi yake ilibe kanthu, musachite mantha ndi zimenezo. Mu BIOS onetsetsani kuti soketiyo ili pa PWM mode, osati DC, ndipo mu Fan Control chongani kuti izitseguka yokha Windows ikayamba. Chikuto chakale, masikuluwu ake ndi fani yomwe ikadali yabwino musunge mu jumbo limodzi, pulagi yake ndi yomwe mudzadule mukafuna kupanga kawaya kanu.